Atomu Idadulika, Dzina Lidatsala

Mawu akuti atomu adachokera ku Chigiriki. A- ndi kukana, tomos ndi kudula, choncho atomos ndi chinthu chosadulika. Democritus, zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti ukamagawa chinthu n'kumagawabe, udzafika pa kanthu kokana kugawika. John Dalton adadzutsanso ganizoli mu 1808. Koma wophunzira wa MSCE achenjere, dzinali lidatha mphamvu mu 1897, pamene J. J. Thomson ku Cambridge adapeza tinthu tating'ono kwambiri totuluka m'kati mwa atomu.

Tinthuto ndi maelekitironi. Elektron kwa Agiriki udali utomoni wa mtengo wouma gwa, umene ukaukhutiza pansalu umakoka tiudzu. Nyukiliyasi ndi Chilatini, nucleus, njere ya m'kati mwa mtedza. Dzinali lidayenera, chifukwa mu 1911 Ernest Rutherford adaonetsa kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kwaunjikana pa kachidutswa kapakati, kwinako kuli mpata wokhawokha.

Mawu amene ndimawakonda ndi spectrum. Muzu wake ndi specere, kuyang'ana, ndipo Aroma ankatanthauza choonekera m'maso, ngakhale mzukwa. Isaac Newton adawagwiritsa ntchito potchula mitundu ya utawaleza imene idaonekera pakhoma, kuwala kwa dzuwa kutadutsa m'galasi la ngodya zitatu. Koma mpweya wotenthetsedwa sutulutsa utawaleza wathunthu. Umatulutsa mizere yowerengeka, mdima uli pakati, ndipo elementi iliyonse ili ndi mizere yakeyake.

Mizere imeneyi idabala mayina. Ku Heidelberg, Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff adaona mizere yobiriwira ngati thambo mu 1860, n'kutcha elementi yatsopanoyo caesium, kuchokera ku caesius. Chaka chotsatira mizere yofiira idawapatsa rubidium, kuchokera ku rubidus. Chodabwitsa kwambiri ndi helium. Mu 1868 mzere wachikasu wosadziwika udaoneka m'kuwala kwa dzuwa, ndipo Norman Lockyer adati ndi elementi yatsopano, dzina n'kuchokera ku helios, dzuwa. Padziko pano William Ramsay adaipeza mu 1895, itakhala ndi dzina kale.

N'chifukwa chiyani mizere osati utawaleza? Niels Bohr adayankha mu 1913. Elekitironi simakhala paliponse pamene yafuna, ili ndi masitepe ake a mphamvu. Ikatsika kuchoka pa sitepe yapamwamba, imatulutsa kuwala kwa mphamvu yofanana ndendende ndi kusiyana kwa masitepe awiriwo. Mu hydrogen, kutsika kuchoka pa sitepe 3 kufika pa 2 kumapereka mzere wofiira wa mananomita 656.

Funso la spectrum likabwera pamayeso, musathamangire kutchula mitundu ya utawaleza. Jambulani masitepewo, onetsani muvi wotsika, ndipo lembani kuti mphamvu ya kuwalako ndi E = hf.