Kolesterolo Ikakwera: Thandizo la Dietitian Kuno ku Toronto

A Malawi anzanga okhala mu Toronto ndi madera ozungulira, lero ndati ndilongosoleko za kolesterolo. Ambiri dokotala akatiuza kuti yakwera timangolandira mapilisi, nkhani ya chakudya n'kuisiya pomwepo.

Kolesterolo ndi mtundu wa mafuta oyenda m'magazi, ndipo chiwindi chimaipanga chokha. Vuto limabwera mtundu wake wotchedwa LDL ukachuluka. Umakanirira m'mitsempha, njira ya magazi n'kumachepa, mapeto ake matenda a mtima kapena sitiroko. Choopsa n'chakuti siimva kuwawa, ndipo ngakhale munthu wochepa thupi akhoza kukhala nayo yokwera. Imadziwika poyeza magazi basi. Malangizo a 2021 a Canadian Cardiovascular Society amati aliyense wa zaka 40 kupita m'tsogolo ayezetse, koma wodwala shuga kapena BP asadikire zakazo.

Dietitian ndi katswiri wa zakudya amene anachita kupitira kusukulu. Ku Ontario dzinali n'lotetezedwa ndi lamulo, ndipo wolitchula ayenera kukhala m'kaundula wa College of Dietitians of Ontario. Dzina loti nutritionist lilibe chitetezo chotere, aliyense akhoza kudzitcha. Musanalipire munthu, onani ngati pa dzina lake pali zilembo RD.

Nanga mungam'peze kuti? Mukaimba 811, nambala ya Health811, mukhoza kulankhula ndi dietitian kwaulere. Ngati dokotala wanu ali mu Family Health Team, funsani pomwepo, chifukwa ambiri mwa magulu amenewa ali naye ndipo simulipira. Ma Community Health Centre nawonso amathandiza. Imodzi ndi TAIBU ya ku Scarborough, imene inakhazikitsidwa poganizira anthu akuda. Dietitian wapulaiveti OHIP siim'lipira, koma inshuwalansi ya kuntchito nthawi zina imathandizako.

Popita tengani zotsatira za magazi, mayina a mankhwala amene mukumwa, ndi kapepala kolembapo zonse zimene mwadya kwa masiku atatu. Pamenepa ndikupempheni: osachita manyazi. Ngati ndi nsima ya mang'ina, chipisi kapena nkhuku yokazinga ndi khungu lomwe, lembani choncho. Iye sangakonze mbale imene sakuidziwa.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti kadyedwe kotchuka kotsitsa LDL kanayambira konkuno. Amakatcha Portfolio Diet, ndipo anakayambitsa ndi Dr. David Jenkins wa pa University of Toronto ndi anzake. Kanayamba ndi mbali zinayi: zakudya za mtundu wa mtedza, soya ndi nyemba m'malo mwa nyama, zakudya zonanda monga oats, barley, therere lobala ndi mabiringanya, komanso ma plant sterol, amene amathiridwa mu majarini ena. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2011, anthu olangizidwa ndi ma dietitian kwa miyezi 6 anatsitsa LDL ndi pafupifupi 13 peresenti. Amene anakumana ndi dietitian kawiri kokha anapindula pafupifupi mofanana ndi amene anakumana naye ka 7.

Taonani mndandandawo bwinobwino. Mtedza, soya, nyemba, therere, mabiringanya, si ndiwo zakwathu zimenezi? Ndiye sikuti dietitian akakulandani nsima ayi. Mwina adzati ufa ukhale mgaiwa, mitanda ichepe, theka la mbale likhale masamba ndi zipatso monga mmene Canada's Food Guide ya 2019 imanenera. Masamba otendera ndi nsinjiro alowe m'malo mwa osambira m'mafuta, ndipo batala, soseji, nyama yonona ndi mafuta a kokonati zikhale za apo ndi apo.

Chomaliza, ngati dokotala anakupatsani mankhwala a statin, musasiye chifukwa choti mwayamba kudya therere. Kwa ena kolesterolo yokwera ndi ya kumtundu, chakudya chokha sichingaithe. Dyani mmene mwagwirizanirana ndi dietitian, imwani mankhwala, ndipo pakapita miyezi ingapo mukayezetsenso kuti manambala anene okha.