Mmene buku linasiyira kuyenda pa chingwe

M'chaka cha 1998 ku California kunatuluka timakina tiwiri towerengerapo mabuku, ndipo tonse tinali ndi mutu umodzi woti tiuthetse: buku lilowa bwanji m'kati? Koyamba kanali Rocket eBook. Munthu ankagula buku pakompyuta, n'kukhazika kachipangizoko pa kampando kake kolumikizidwa ndi chingwe, bukulo n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka kulowa. Wopanda kompyuta analibe chake. Kachiwiri, SoftBook, kanali ndi chikuto chachikopa ndipo kanayesa njira ina: unkazula waya wa lamya ya m'nyumba n'kusomeka m'kachipangizoko, iko n'kuimba kokha kusitolo ya mabuku. Nthawi yonse imene buku likubwera, wokuimbirani ankapeza lamya ili yotanganidwa. Kampani ya Gemstar inagula makampani onse awiri mu 2000, ndipo pofika 2003 inali itaisiya bizinesiyo. Amene anapanga Rocket eBook, a Martin Eberhard ndi a Marc Tarpenning, anatenga ndalama zawo n'kukayambitsa Tesla chaka chomwecho. Zamabuku anazisiyira ena.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni, ndipo benchi yanga ili ku Limbe. Tizipangizo towerengera mabukuti sitibwera kawirikawiri, koma tikabwera timabwera ndi dandaulo lofanana, loti kakukana kugwira netiweki. N'chifukwa chake ndinayamba kulondola mbiri yake. Anthu akamayamikira makinawa amatchula sikirini yake yooneka ngati pepala, yosathobwa m'maso, ndi batire lokhala milungu. Zimenezo n'zoona, koma ine ndimati chimene chinagulitsa makinawa ndi njira yolowetsera buku, ndipo chimene chikuwapha lero ndi njira yomweyo.

Umboni wake ndi Sony. Sikirini yooneka ngati pepala ija inachokera kwa ofufuza a ku MIT amene anayambitsa kampani ya E Ink mu 1997, ndipo woyamba kuiika pa chowerengera mabuku anali Sony, pa Librie imene inatuluka ku Japan mu 2004. Makina anali abwino, koma mabuku ake ankadzitseka okha pakatha masiku 60. Mu 2006 Sony anatulutsa Reader ku America, ya sikirini yomweyo, koma inkafunabe kompyuta, pulogalamu yakeyake ndi chingwe cha USB. Anthu anagula, inde, koma dziko silinagwedezeke.

Linagwedezeka pa 19 November 2007, pamene Amazon anatulutsa Kindle yoyamba. Kunena zoona inali yosaoneka bwino, yoyera, yamakona osongoka, mabatani ake otembenuzira tsamba aakulu mwakuti ukangoinyamula tsamba linkatembenuka lokha. Mtengo wake unali madola 399. Komabe zonse zimene anakonza zinatha m'maola asanu ndi theka, ndipo ofuna kugula anadikira miyezi. Chinsinsi chinali kuseri kwake, kumene kunali timaswitchi tiwiri, kena koyatsira makina, kena koyatsira netiweki. M'mimba mwake munali kachipangizo ka foni kolumikizana ndi nsanja za kampani ya Sprint, ndipo njirayo anaitcha Whispernet. Panalibe pasiwedi yoti ulembe, panalibe simukhadi yoti ugule, panalibe bilu ya pamwezi. Ukakhala m'basi n'kumva za buku, unkalisaka pomwepo, kudina, ndipo pasanathe mphindi imodzi linali m'manja mwako. Mabuku otchuka ankagulitsidwa madola 9.99.

Netiwekiyo ankati ndi yaulere, koma nsanja siiyendera madzi. Ndalama yake inkabisala mumtengo wa buku, ndipo mpaka pano wolemba amene amadzisindikizira yekha ku Amazon pa gawo la 70 peresenti amadulidwa kangachepe malinga ndi kukula kwa buku lake, masenti 15 pa megabaiti iliyonse kumsika wa ku America. Zinkatheka chifukwa buku la mawu okhaokha ndi lopepuka kwambiri. Nthano yathunthu ya masamba mazana atatu nthawi zambiri siifika ngakhale pa chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni ya masiku ano. Ndimawauza zimenezi makasitomala amene amaopa kuti kachipangizoko kawathera bandulo.

Vuto la Sprint linali lakuti mtundu wa netiweki yake, CDMA, sunkagwira m'mayiko ambiri. Kindle yoyamba ikadutsa nyanja inkangokhala duu. Mu October 2009 Amazon anatulutsa Kindle yachiwiri yoyendera AT&T ndi anzake a kunja, yogwira m'mayiko oposa 100. M'katimo munalinso kapulogalamu kotsegulira masamba a pa intaneti, kochedwa ndi kosaoneka bwino, koma kaulere. Apaulendo anakakonda, ndipo mu 2010 kunamveka kuti ku China ena ankakagwiritsa ntchito kutsegula masamba amene boma lawo linatseka. Pambuyo pake Amazon anachepetsa ufuluwo, moti pa mitundu yotsatira netiweki ya foni inkangokufikitsa kusitolo yawo ndi ku Wikipedia basi.

Koma chaka cha 2009 chimakumbukiridwa ndi nkhani ina. Mu July, anthu amene anagula mabuku awiri a George Orwell, 1984 ndi Animal Farm, anayatsa Kindle zawo n'kupeza mabukuwo palibe. Wogulitsa wina anawaika pa sitoloyo alibe chilolezo, ndipo Amazon atazindikira, analowa m'makina a anthu kudzera pa Whispernet yomweyo, kufufuta mabukuwo, n'kubweza ndalama. Kuti buku lofufutidwa mwakachetechete likhale 1984, lokamba za boma limene limafufuta zolembedwa, anthu anaseka ndi kukwiya pamodzi. Mnyamata wina wa kusekondale ku Michigan, amene notsi zake za homuweki zinatsala zopanda buku lozikolekapo, anakasuma kukhoti, ndipo mlanduwo unatha pogwirizana madola 150,000. A Jeff Bezos, mkulu wa Amazon pa nthawiyo, anapepesa poyera. Ine nkhaniyi ndimaiona ngati tsiku limene anthu anadziwa kuti netiwekiyo imayenda mbali ziwiri. Chingwe cha Rocket eBook chinali chotopetsa, koma palibe amene akanachikoka ali kutali.

Wi-Fi inalowa mochedwa m'makinawa, ngakhale inalipo kale. Chiyambi chake ndi 1985, pamene bungwe loona za mawayilesi ku America, FCC, linalola kuti aliyense agwiritse ntchito mafunde ena opanda laisensi, kuphatikizapo a 2.4 GHz amene ma uvuni a microwave amatayira phokoso lawo. Malamulo oyamba a mmene makina azilankhulirana pa mafundewo, 802.11, anatuluka mu 1997, dzina loti Wi-Fi linabwera mu 1999, ndipo chaka chomwecho Apple anaiika mu laputopu ya iBook. Kwa owerenga mabuku, Nook ya Barnes & Noble inabwera nayo kumapeto kwa 2009. Amazon anatsatira mu August 2010 ndi Kindle yachitatu: ya Wi-Fi yokha madola 139, yokhala ndi netiweki ya foni ya 3G yomwe madola 189. Kusiyana kwa madola 50 kumeneko ndiko kunali mtengo weniweni wa netiweki yaulere ija. Ambiri anasankha yotchipa, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yolumikiza makina inachoka kwa wogulitsa n'kugwera wogula.

Kindle yachitatu imeneyi ndi imene imafika kwambiri pa benchi yanga, ina yotumizidwa ndi ana a ku Britain kapena ku Joni, ina yotoledwa pa kaunjika pakati pa matchaja ndi marimoti. Aphunzitsi ena opuma pantchito anabwera nayo ataikulunga m'kansalu.

"Achimwene, mwana wanga akuti wanditumizira mabuku muno, koma sindikuona kanthu."

"Aphunzitsi, kunyumba muli ndi Wi-Fi?"

"Ayi, ndili ndi foni yokhayi."

Foniyo inali yokwanira. Ndinayatsa hotspot, koma Kindle sinaione n'komwe, ngakhale ziwirizo zinali zitagundana patebulo. Foni zatsopano zambiri zimaulutsa pa 5 GHz, pamene makina akalewa amamva 2.4 GHz yokha. Nditasintha, dzina la foni linatulukira pamndandanda. Kenaka inakana pasiwedi yolondola, chifukwa foniyo inali pa loko wa WPA3 amene anabwera mu 2018, pamene Kindle ya 2010 imadziwa WEP, WPA ndi WPA2. Nditabwezera pa WPA2 tinafika pa ntchito yeniyeni, yolemba pasiwediyo. Kindle imeneyi ili ndi timabatani ting'onoting'ono tozungulira ta zilembo, koma mzere wa manambala anauchotsa. Nambala umaipeza podina batani la Sym n'kuyendetsa kakona kolozera mpaka pa nambalayo, kapena kugwira Alt n'kudina zilembo za mzere wapamwamba: Q ndi 1, W ndi 2, mpaka P amene ndi 0. Pamakinapo sanalembepo zimenezi. Sikirini nayo imachedwa kuonetsa chimene wadina, ndiye wosapirira amadina kawiri n'kulakwitsa. Aphunzitsiwo anavala magalasi, kugwira Alt ndi chala chachikulu, n'kumatchula nambala iliyonse mokweza ngati akuitana mayina m'kalasi. Timizere ta netiweki titadzaza pakona, sikirini inaphethira kuda n'kuyera, mitu ya mabuku n'kuyamba kutsika umodzi pansi pa unzake.

Kumene makina akalewa amagonja ndi Wi-Fi ya m'mahotela ndi m'mabwalo a ndege, imene imafuna kuti utsegule tsamba n'kuvomereza malamulo kapena kulemba nambala ya chipinda, chifukwa kapulogalamu kake kamalephera masamba a masiku ano. Ya m'mayunivesite ndi m'maofesi, yofuna dzina ndi pasiwedi ya munthu aliyense payekha, Kindle yachitatu siilola n'komwe. Ndipo ya pa kaunjika nthawi zambiri imabwera ili m'dzina la mwini wake woyamba, mabuku ake ali momwemo. Ukaichotsa m'dzinalo kuti ulembetse lako, ogulidwa kusitolo aja akhoza kupita naye.

Ku Africa kuno Whispernet inapatsa anthu ena maloto. A David Risher, amene kale anali mkulu ku Amazon, pamodzi ndi a Colin McElwee anayambitsa Worldreader mu 2010, n'kuyamba kugawa Kindle m'masukulu a ku Ghana. Nzeru yake inali yoti kumene galimoto ya mabuku siifika, nsanja ya foni inafika kale. Ana anawerengadi, koma masikirini ambiri anasweka m'zikwama, ndipo posakhalitsa bungwelo linayamba kuika mabuku pa foni wamba. Lipoti la UNESCO la 2014 lokhudza kuwerenga pafoni, limene linafunsa anthu m'mayiko asanu ndi awiri kuphatikizapo Zimbabwe, linasonyeza kumene zinthu zinkalowera. Ngakhale pa benchi yanga, amene amawerenga pafoni ndi ochuluka kutalitali kuposa a Kindle.

Kenaka makomo anayamba kutsekeka, limodzi limodzi. Mu March 2016 Amazon anachenjeza kuti Kindle za 2012 kubwerera m'mbuyo ziyenera kulandira pulogalamu yatsopano pofika pa 22, apo ayi sizidzalumikizananso ndi sitolo mpaka mwini wake ataiika yekha ndi chingwe. Mu 2021 kunabwera uthenga wina, wakuti makampani a foni ku America akuzimitsa 2G ndi 3G kuti apereke malo kwa 4G ndi 5G. AT&T anazimitsa yake mu February 2022. Kindle zokhala ndi Wi-Fi zinapulumuka, koma yoyamba, yachiwiri ndi yaikulu yotchedwa DX zinalibe Wi-Fi, ndiye kumeneko zinasanduka zosamva. Makina anali amoyo, sikirini yowala bwino, batire losinthika, koma nsanja yolankhula nawo inali itapita. Mu August 2022 mitundu ina yakale inaletsedwa kugula mabuku kuchokera pamakina penipeni. Ndipo pa 26 February 2025 Amazon anachotsa mwayi umene unalipo wokopera buku logula n'kulisunga pakompyuta kuti ulilowetse ndi USB. Chomalizachi chimandiwawa kuposa zonse, chifukwa ndicho chinali pothawira pa munthu wokhala kumene netiweki ndi yovuta kapena yodula. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo buku limene lili pa seva ya kampani kutsidya la nyanja, lodikira Wi-Fi kuti litsike, ine ndimaliwerengera kuti likadali pachala.

Chingwe chokha sichinafe. Mu 2006 wophunzira wina wa sayansi ku Caltech, a Kovid Goyal, anagula Sony Reader n'kupeza kuti siigwira ndi kompyuta yake ya Linux, ndiye analemba pulogalamu yakeyake yolankhula ndi makinawo kudzera pa USB. Pulogalamuyo inakula n'kukhala Calibre, yaulere, ndipo lero imadziwa Kindle, Kobo, Nook ndi ena ambiri. Ndi imene ili pa laputopu ya pa benchi yanga, pamodzi ndi mabuku a ku Project Gutenberg, nkhokwe imene a Michael Hart anayamba mu 1971, ya mabuku akale amene aliyense angakopere mwaufulu. Wobwera ndi Kindle yachiwiri yopanda Wi-Fi ndimamulowetsera mabuku mwa njira imeneyo, n'kumuzimitsira netiweki kuti makina asamafunefune nsanja imene kulibe, chifukwa kufunafunako ndiko kumamaliza batire m'masiku ochepa. Chovuta masiku ano ndi kupeza chingwe cha micro-USB chonyamula mafayilo, popeza zambiri zogulitsidwa m'mphepete mwa msewu zili ndi mawaya awiri okha m'kati, otchajira basi. Chabwino ndili nacho chimodzi, ndipo ndinachimanga kamkuzi kofiira kuti anyamata a pa benchi yoyandikana asachibwereke.