Chiwongo ndi Bele: Makolo Athu Tiwafune Potsata Chiyani?

Mchewa wa ku Dedza kapena ku Katete mukamufunsa kumene makolo ake anachokera, yankho silichedwa: ku Uluba, m'dziko la Congo, motsogozedwa ndi Kalonga, mpaka kudzamanga ku Mankhamba. Mukamufunsanso dzina la mayi amene anabereka agogo ake aakazi, ndi manda amene mayiyo anagona, amayamba kukanda m'mutu. Za zaka mazana asanu zapitazo akuzinena ngati anaziona, koma za zaka zana limodzi zamuthawa. Chifukwa chake n'chakuti nkhani ya ku Uluba ndi mbiri ya ufumu, yosungidwa pabwalo la mfumu, ndipo chiwongo chimene timachiyesa chingwe chotilumikiza ku ulendowo chinaduka n'kulumikizidwanso kangapo. Wofuna makolo ake enieni, anthu amene anali ndi mayina ndi minda, amafika patali akatsata bele la amayi ake kusiyana ndi kutsata dzina limene lili pa chiphaso.

Sindikuti mbiri ya Kalonga ndi nthano yopeka. Samuel Ntara atayenda kwa mafumu ndi akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, anasunga zinthu zimene nthaka inadzazivomereza pambuyo pake. Yusuf Juwayeyi pokumba ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, umboni wakuti pamalopo panalidi likulu la malonda ofika kutali. Undi anapitadi ku Mano, ndipo Kaphwiti ndi Lundu analamuliradi ku chigwa cha Shire. Komabe Achewa omwewo ali ndi chiyambi china chosatchula Uluba n'komwe: amati anthu oyamba anatsika pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, n'kusiya mapazi awo pathanthwe. Anthu amodzi sangachokere ku Congo n'kukhalanso otsikira pa Dzalanyama. Akatswiri a mbiri monga Matthew Schoffeleers anaona kuti apa pali magulu awiri: a Banda, eni nthaka amene anasunga kachisi wa mvula ku Msinja pansi pa Makewana, ndi a Phiri, amene anafika pambuyo ndi ufumu. Mwambo wakuti mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, azichokera kwa a Banda unali pangano la magulu awiriwa. Ngakhale kankhani kaja kakuti ogona paphiri anatchedwa a Phiri ndipo amene anawanda udzu m'munsi anatchedwa a Banda kali ndi ntchito yomweyo, yosandutsa anthu amene anakumana kukhala anthu amene anayendera limodzi.

Chiwongo nacho chili ndi mbiri yakeyake, ndipo mawuwo amadziulula okha: anachokera ku isibongo ya Angoni, monga momwe malume analowera m'malo mwa atsibweni pakamwa pa ambiri. Kale fuko linkayenda ndi mayi. Umboni wake uli m'nyumba ya Kalonga momwemo: wolowa ufumu ankachokera kwa Nyangu, mayi kapena mlongo wa mfumu, chifukwa uphiri unali mwa iyeyo, pamene ana a Kalonga obadwa kwa Mwali anali a Banda ndipo mpando sunali wawo. Lero m'madera ambiri mwana wamkazi amatchedwa Naphiri chifukwa bambo ake ndi a Phiri. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, anapeza kusinthaku kutachitika kale m'midzi yoyandikana ndi Angoni. Ndiye kuti munthu wotsata dzina la Phiri kuchokera kwa bambo kupita kwa agogo aamuna adzafika pa m'badwo wina umene dzinalo linkatsika ndi akazi, ndipo akapitiriza ndi amuna adzakhala akuwerenga anthu a fuko lina osadziwa. Pamwamba pa izi panabwera kalembera wa msonkho, buku la ubatizo, sukulu ndi chitupa cha ku Wenela, zonse zofuna dzina la bambo. Ambiri anangopereka dzina loyamba la bambo awo, ena dzina limene anapatsidwa kuntchito, n'chifukwa chake tili ndi mabanja a Supuni, a Tebulo ndi a Botolo, mayina amene sangakufikitseni kuseri kwa nthawi ya Atsamunda.

Kwa Angoni nkhaniyi imaoneka poyera kwambiri. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, koma khamu limene analitsogolera silinali la ochokera kwa Azulu okhaokha. Linkakula ndi anthu ogwidwa m'njira, ndipo ziwongo zina zimanenabe kumene eni ake anatoledwa: Soko, Moyo ndi Shawa ndi ziwongo za Akaranga a ku Zimbabwe. Mwana wogwidwa kunkhondo ankakulira m'nyumba ya womugwira, kulowa m'gulu la ankhondo, ndipo nthawi zambiri ankatenga chiwongo cha nyumbayo. Angoni a Maseko ku Ntcheu ndi ku Dedza amalankhula Chichewa lero chifukwa ana ankayamwa chilankhulo cha amayi awo, amene ambiri anali a m'dziko momwemo. Mngoni wa ku Lizulu akamati kwawo n'kumwera kwa Limpopo akunena zoona za ufumu wa Gomani. Za magazi ake akhoza kukhala mdzukulu wa anthu amene ufumuwo unawagonjetsa. Alhomwe anachita mosiyana. Atawoloka kuchokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, dzina lachipongwe lakuti Anguru linawawawa kotero kuti ambiri anadzitcha Anyanja n'kuleka kuphunzitsa ana chilankhulo chawo. Lewis Bandawe ndi anzake analimbana ndi dzinalo m'zaka za m'ma 1940, koma m'mabanja ambiri chiyambi chinali chitakwiriridwa kale.

Nanga bele liposa bwanji? Liposa chifukwa linali ndi katundu woti linyamule. M'mudzi wa chikamwini mwamuna ndiye amayenda, mkazi amakhala. Mkamwini amabwera, amalima, ukwati ukatha amanyamula khasu ndi mphasa yake n'kubwerera kwawo, koma mkazi, ana ake ndi ana a ana ake aakazi amatsala pa nthaka yomweyo. Munda umadutsa mwa iwo, ufumu wa m'mudzi umapita kwa mwana wa mlongo, ndipo manda amakumbidwa potsata mbumba. Choncho kudziwa kuti tsinde lathu ndi mayi uje, kuti anabereka ana aakazi atatu, kuti ife ndife a bele lalikulu ndipo awo ndi a bele laling'ono, sichinali chidwi chabe cha okonda mbiri. Pamaliro, pogawa dimba, posankha wolowa dzina la mfumu, ankhoswe amayala mabelewa pagulu, ndipo wolakwitsa amadzudzulidwa pomwepo ndi azimayi achikulire amene akhala kumbuyoko. Chinthu chimene chimabwerezedwa pamaso pa mboni zambiri, chokhudza chakudya cha anthu, sichisochera msanga ngati dzina limene kalaliki analemba kamodzi m'buku.

Wina anganene kuti kumene kuli katundu ndi komwenso kuli bodza, ndipo sakunama. Mlandu wa malo ukabuka, mbumba iliyonse imakumbukira kuti kholo lake ndilo linayamba kugwetsa mitengo pamalopo. Dzina lolowa limaphatikiza anthu anayi kapena asanu kukhala ngati munthu mmodzi amene anakhala zaka mazana awiri. Choposa zonse, pali ukapolo. M'zaka za m'ma 1800, pamene Jumbe ankatumiza anthu kutsidya la nyanja kuchokera ku Nkhotakota, akapolo ena, makamaka akazi, sankagulitsidwa koma ankasungidwa m'mudzi n'kukwatiwa, ndipo ana awo anasanduka bele la m'nyumbamo. Mpaka lero akuluakulu amadziwa bele lotere, koma salitchula pagulu kufikira tsiku limene wina wa m'belemo afuna ufumu. Zonsezi ndikuzivomera, pamodzi ndi mfundo yakuti bele silikumbukira kupyola mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi. Koma bodza la m'bele lili ndi olitsutsa: bele linzake limene likufuna munda womwewo limasunga mbali imene inabisidwa, ndipo wofufuza woleza mtima akamva mbali zonse ziwiri amatsala ndi kanthu kogwirika. Bodza la chiwongo lilibe wolitsutsa, poti palibe amene amataya munda chifukwa chakuti mnzake wadzitcha Mbewe. Kumene anthu amalowola, monga kwa Angoni a ku Mzimba kapena Asena a ku Nsanje, mfundo ndi yomweyo koma yotembenuka: tsatani mzere umene unanyamula nthaka ndi manda, umene kumeneko ndi wa bambo.

Ena amati zapakamwa tizisiye, tidalire zolembedwa ndi sayansi. Zolembedwa n'zothandiza kumene zilipo, koma n'zochepa. Moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unawononga mapepala ambiri a zaka zoyambirira za Atsamunda, ndipo zimene zinatsala zimakamba za mafumu, msonkho ndi milandu kuposa za anthu wamba. Mabuku a mishoni, monga ya Blantyre yoyamba mu 1876, ya Mvera mu 1889 ndi ya Mua mu 1902, analemba obatizidwa okha, ndiponso ndi mayina atsopano a Chikhristu amene anaphimba akale. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala lamulo logwira ntchito mu 2015, ndipo kulembetsa ziphaso za unzika m'dziko lonse kunachitika mu 2017. Kuyeza DNA nako kuli ndi zimene kumatha. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017, woyeza mafupa akale a ku Hora, Fingira ndi Chencherere, anasonyeza kuti alenje amene ankakhala kuno zaka zikwi zapitazo, amene timawakumbukira ngati Akafula, sanasiye magazi ooneka mwa Amalawi a lero amene anayezedwa. Limenelo ndi yankho lalikulu pa funso lakale. Koma malovu a m'kabotolo sangasiyanitse wa Banda ndi wa Phiri, kapena kuloza mudzi wa ku Dowa kusiya wa ku Ntchisi, chifukwa anthuwa akhala akukwatirana kwa zaka mazanamazana.

Chotsutsa chimene chili ndi mphamvu kwambiri n'chakuti kufukula zoterezi kumapasula umodzi, kuti anthu amene amasonkhana ku Mkaika chaka chilichonse mu August pa Kulamba, ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, safunika kuuzidwa kuti ena mwa iwo makolo awo sanaione Uluba. Koma kulamba n'kugwadira mfumu ndi kupereka mitulo, ndipo ufumu wa Amaravi unakula polandira anthu amene unawapeza ndi amene anabwera pambuyo. Gawa Undi, mfumu imene anthu amaigwadira pa Kulamba, safunsa munthu magazi ake pachipata. Amene chisokonezo cha ufumu, chiwongo ndi bele chimawapweteka ndi zidzukulu za matchona, amuna amene anapita ku migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe ndi ku Joni osabwerako. Ku Harare ndi ku Bulawayo kuli a Banda ndi a Phiri ambirimbiri amene lamulo la unzika la 2001 linawasandutsa alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo aakulu a 2013 anawabwezera unzika. Wotere akabwera kudzafuna kwawo ali ndi chiwongo chokha, sapita patali, popeza a Phiri ali m'boma lililonse. Chimene chimamufikitsa ndi chitupa chakale cha agogo ake, cholembedwa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Akafika m'mudzimo amamulandira, amamuphera nkhuku, amamuonetsa manda a amayi a agogo akewo. Kenako, nkhani ikafika pa malo, amamufunsa kuti amayi ake ndi a kuti. Akati ndi Mshona wa ku Masvingo, akuluakulu amayang'anana: kwa Ashona mwana ndi wa bambo, choncho kumeneko ankamuyesa Mmalawi, koma kuno mwana ndi wa mayi, ndipo pa mabele onse a m'mudzimo palibe limene iye anayamwa.