Dachstuhl

Dachstuhl ndi dzina la m'Chijeremani la mizati ndi mitanda yolumikizana yomwe imanyamula denga la nyumba. Dzinali linapangidwa pophatikiza mayina awiri: Dach, lomwe ndi denga, ndi Stuhl, lomwe ndi mpando. Pa mayina ophatikiza a Chijeremani, lakumapeto ndilo mwini tanthauzo, loyambalo limangolongosola. N'chifukwa chake, pa timawu totsogolera dzina, amati der Dachstuhl potsata der Stuhl, ngakhale denga palokha ndi das Dach. Zikachuluka amati Dachstühle.

Gwero la mawuwa

M'Chijeremani chakale, cha pakati pa zaka za 750 ndi 1050, denga ankati dah. Dzinali ndi pachibale ndi mneni decken, kutanthauza kuphimba kapena kufolera, komanso mneni wa Chilatini tegere. Liwu la Chingerezi lakuti thatch, lonena za udzu wofolera, nalonso ndi la mtundu womwewo.

Stuhl ankati stuol, ndipo muzu wake ndi umodzi ndi wa mneni stehen, kuima. Choncho tanthauzo lake silinathere pa chokhalira cha munthu, koma linkafikanso pa chinthu choimikidwa kuti china chitsamirepo. Tanthauzoli likadalipo m'mayina ena: Glockenstuhl ndi mitengo yopachikapo mabelu a tchalitchi, pomwe Webstuhl ndi chida choombera nsalu. Dachstuhl ndiye kuti ndi mpando womwe denga limakhalapo.

Kagwiritsidwe ntchito

Anthu wamba amatchula Dachstuhl matabwa onse a kudenga, mapaso omwe. Amisiri a matabwa amasiyanitsa: kwa iwo zonse pamodzi ndi Dachwerk, ndipo Stuhl ndi gawo lokhalo lochirikiza mapaso chakunsi. Gawoli lili ndi mitundu iwiri. Mizati ikaima chilili amati stehender Stuhl, mpando woima. Ikapendekeka motsata denga n'kutsamira chakumakoma amati liegender Stuhl, mpando wogona. Mtundu wachiwiriwu unafala m'zaka za m'ma 1400, ndipo ubwino wake ngwakuti chipinda cha kudenga chimakhala chopanda mizati pakati.

Mwambo

Dachstuhl ikaimikidwa, eni nyumba ku Germany amachita phwando lotchedwa Richtfest denga lisanafoleredwe. Pamwamba amapachika nkhata ya masamba kapena kamtengo kokongoletsedwa ndi maliboni. Mmisiri amakwera, kunena mawu odalitsa nyumbayo, kumwa chakumwa, kenako n'kuponya tambula pansi. Tambulayo ikasweka, amati nyumbayo ili ndi mwayi.