Michere ya m'magazi

Michere ya m'magazi ndi timichere tosungunuka m'madzi a m'thupi, makamaka sodiyamu, potaziyamu, kashiamu ndi magineziyamu. Imathandiza mtima kugunda mwa dongosolo, minofu kukungika ndiponso mitsempha kutumiza uthenga. Impso ndizo zimasunga mlingo wake. Mwa munthu wamkulu, potaziyamu amayenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0 mmol pa lita, ndipo sodiyamu pakati pa 135 ndi 145.

Mankhwala ena a BP amasuntha mlingowu. Hydrochlorothiazide, amene zipatala za ku Malawi zimapereka kawirikawiri, amachulukitsa mkodzo, ndipo potaziyamu ndi sodiyamu amatayikira momwemo. Amayi okalamba ndiwo sachedwa kuchepekedwa sodiyamu. Zizindikiro zake ndi kufooka, chizungulire, kukokana kwa minofu ya m'miyendo ndi kusokonezeka maganizo. Enalapril amakweza potaziyamu, ndipo mayi woyembekezera sapatsidwa. Amlodipine sakhudza kwenikweni michereyi.

Mlingo wa michereyi umadziwika poyeza magazi ku labotale, monga ya chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumbali ya zakudya, nthochi, nyemba, mbatata ndi bonongwe zili ndi potaziyamu wambiri.