Lumo, nyimbo ndi Kuxa Kanema: mbiri ya kulumpha kwa nkhani

Ku Samora Machel, limodzi mwa madera a mzinda wa Tete, mwana woonera filimu pa foni sadabwa akaona munthu ali m'nyumba, kuphethira kamodzi munthu uja ali kale pamlatho. Maso ake anazolowera. Koma kulumpha kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo mbali ina ya mbiriyo inachitikira m'Mozambique momwemo, m'nthawi ya mtsogoleri amene derali linatengera dzina.

Makolo athu anali ndi njira yawoyawo. Wokamba nthano akafuna kumuchotsa Kalulu pamudzi kuti akafike kuchitsime, ankayambitsa nyimbo, omvera n'kumavomereza. Pomatha nyimboyo dzuwa lapendeka, ulendo wayendedwa, ndipo palibe wotsalira chifukwa aliyense wayenda nawo ndi pakamwa pake.

Opanga mafilimu anachita kufufuza. Mu 1899 Georges Méliès wa ku France, m'filimu ya Cendrillon, ankazimiriritsa chithunzi pang'onopang'ono china chikutulukira. Sergei Eisenstein wa ku Soviet Union anaonetsa mu 1925 kuti zithunzi ziwiri zikagundanitsidwa zimabala ganizo lomwe silinali mwa chilichonse. Kenaka mu 1960 Jean-Luc Godard, mu À bout de souffle, anadula filimu mwadala kuti woonera aone chipsera.

Godard yemweyo anafika ku Maputo mu 1978, chaka chomwenso Jean Rouch ankaphunzitsa achinyamata kujambula ndi timakamera ta Super 8. Boma la Samora, litangolandira ufulu mu 1975, linali litakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema. Kumeneko n'komwe kunkachokera Kuxa Kanema, kanema wa nkhani wa mphindi pafupifupi 10, yemwe ankaonetsedwa m'nyumba za kanema komanso kutengedwa pagalimoto kupita kumidzi. Kalumikizidwe kake kanali kodziwika: Samora akulankhula, chala m'mwamba, kenaka khamu likuvomereza, kenaka anthu ali pantchito. Lumo lodulira filimu linali m'manja mwa chipani cha Frelimo, ndipo zosakomera chipanicho sizinkapeza malo kawirikawiri.

Koma filimu imene ndimaipatsa ulemu kwambiri ndi Mueda, Memória e Massacre ya Ruy Guerra, ya 1979. Anthu a ku Mueda, m'chigawo cha Cabo Delgado, ankachita sewero lokumbukira abale awo amene anaphedwa ndi atsamunda achipwitikizi pa 16 June 1960. Guerra anajambula seweroli pabwalo pomwe zinachitikira. Woonera amaona anthu wamba akusewera ngati akuluakulu a atsamunda, khamu likuseka. Mwadzidzidzi filimu yamuika pamaso pa mboni ikufotokoza zimene inaona tsikulo, kenaka yamubwezanso kusewero. Podulapo palibe nyimbo yokuwolotsa, komabe mzimu wa nthano ulipo, pakuti oonera sewero ndi eni nkhani ndi anthu amodzimodzi. Kuseka kuja kumakuwawa ukakumvanso kachiwiri.

Samora anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 October 1986, ndipo mu 1991 moto unawononga nyumba ya Instituto. Mafilimu amene anapulumuka ndi omwe Margarida Cardoso wa ku Portugal anagwiritsa ntchito mu 2003 popanga filimu yofotokoza mbiri ya Kuxa Kanema, akulumikiza misonkhano ya Samora ndi mawu a anthu amene ankaijambula.