Kudzichepetsa

Mawuwa amachokera ku tsinde loti -chepa, monga timanenera kuti ufa wachepa m'thumba. Tikaonjezapo -ets- timapeza "kuchepetsa", ndipo ka -dzi- kamabweza ntchitoyo kwa mwini wake. Apa m'pamene pagona nkhani. Wina akakuchepetsa ndiye kuti wakunyoza, koma kudzichepetsa kumafuna munthu amene ali nawo kale ulemu, n'kuutula pansi mwa kufuna kwake.

N'chifukwa chake mawuwa amalemera kwambiri akamanenedwa za mkulu wa mpingo. Dzina likumutcha mkulu, pamene ntchito ikumuuza kuti achepe. Chitsanzo chimene mpingo umagwira n'cha pa Yohane 13, pamene Yesu anatenga ntchito ya kapolo yosambitsa anzake mapazi.

Ndinaonapo mkulu wina pamaliro kumudzi kwathu, ndipo sindimuiwala. Anamuikira mpando pamthunzi, pafupi ndi abusa ndi amfumu. Iye anakoleka jekete pa nthambi ya mango, napinda manja a malaya, natenga khasu kukalandira adzukulu kumanda. Pobwera nsapato zake zinali zitafiira ndi katondo, ndipo nsima anadya pomaliza, itapola kale.